Kophunzirira kupulumutsa dzino la galu: pa intaneti, mu labu, kapena pansi pa katswiri?

Galu akathyola dzino mpaka mtsempha wa m'kati kuonekera, njira zazikulu zilipo ziwiri: kulizula, kapena kuchotsa mnofu wa m'kati, kutsuka ngalande ya muzu n'kuitseka, ntchito imene timaitcha root canal. Kuzula tonse tinaphunzira kusukulu. Yachiwiriyi ambiri a ife madokotala a ziweto tinangoimva m'kalasi, ndipo woifuna amakaisaka yekha atayamba kale ntchito.

Maphunziro a pa intaneti ndi otsika mtengo, ndipo amathandiza pa chinthu chimodzi chachikulu: kudziwa dzino loyenera kuligwira. Kumeneko mudzamva za kafukufuku wa 2001 amene anapeza kuti mano 92 pa 100 alionse osintha mtundu, ofiirira kapena otuwa, amakhala ndi mtsempha wakufa kapena woyamba kufa. Mudzamvanso kuti galu wamng'ono amene muzu wake sunatsekeke kunsonga amafuna njira ina, yosunga mtsempha wamoyo pouphimba ndi mankhwala otchedwa MTA, makamaka akabwera pasanathe maola 48. Koma vidiyo siphunzitsa zala kumva kuti fayilo, kachida kopyapyala kotsukira ngalande ya muzu, yafika pothera kapena yangokakamira pakati.

Labu ya masiku awiri kapena atatu, yogwira mitu ya agalu akufa, ndi imene ambiri amathamangira, ndipo m'pamene ndalama zimatayika kwambiri ngati munthu sanafunse bwino. Funsani ngati aliyense akhala ndi mutu wakewake kapena mugawana anthu anayi. Funsani ngati pali makina a ekisire ya mano pafupi ndi tebulo lanu, poti muzu umodzi umafuna zithunzi zingapo: musanayambe, poyeza kutalika kwa ngalande, poyesa gutta-percha yotsekera ngalandeyo, ndiponso mutatseka. Funsaninso mano amene mukagwire. Dzino long'ambira la galu wamkulu ndi lalitali kwambiri moti mafayilo a anthu a mamilimita 21, 25 kapena 31 safika, pamafunika a mamilimita 60, ndipo poti n'lopindika nthawi zambiri timaboola khomo lachiwiri kutsogolo, pafupi ndi nkhama, kuti fayilo ilowe mowongoka. Dzino lam'mwamba lodulira nyama, 108 kapena 208 pa manambala otchulira mano a Triadan, lili ndi mizu itatu, ndipo kamuzu ka mbali ya m'kamwa n'kopyapyala kosavuta kukaphonya. Labu imene imangokupatsani dzino long'ambira limodzi yakuonetsani mbali yofewa yokha.

Ngakhale labu yabwino ili ndi malire ake. Mutu wakufa sutuluka magazi, sukuwerengerani mphindi za mankhwala ogonetsa, ndipo mankhwala otsukira a sodium hypochlorite akadutsa nsonga ya muzu palibe chimatupa.

Ena amati bwanji osangolowa maphunziro a madokotala a mano a anthu, poti amapezeka paliponse? Pa kagwiridwe ka mafayilo ozungulira ndi makina, inde, adzakuwongolani dzanja. Koma muzu wa galu wamkulu sumathera pa kabowo kamodzi ngati wa munthu. Umathera pa timabowo tambirimbiri tating'onoting'ono, ndiye zimene angakuuzeni za poimitsa fayilo ndi kutseka kunsonga si zonse zimene zingagwire pa galu.

Pakati pa labu ndi ukatswiri weniweni pali maphunziro a magawomagawo otenga chaka kapena kuposa, monga a European School for Advanced Veterinary Studies kapena a Improve International. Ubwino wake ndi nthawi ya pakati pa magawo: mumabwerera kuntchito, mumagwira odwala enieni, mumabwera ndi mafunso enieni. Kungoti amaphunzitsa za mano zonse, ndipo root canal ndi kachigawo chabe, choncho werengani ndondomeko muone maola ake.

Njira ya ukatswiri weniweni ndi ina. American Veterinary Dental College, imene inayamba mu 1988, ndi European Veterinary Dental College ya 1998, zimafuna zaka zingapo pansi pa katswiri, kaundula wa odwala amene mwawagwira, ndi mayeso ovuta. Kwa munthu wofuna kupereka moyo wake wonse ku mano, palibe yoposa iyi. Kwa wofuna kupulumutsa mano a agalu apolisi kapena olondera kangapo pachaka, n'kugula ng'ombe chifukwa chofuna kapu ya mkaka.

Ineyo ndingasankhe chonchi: pa intaneti choyamba, kenako labu yokhala ndi ekisire ndi mutu wanuwanu, ndipo pa ma labu awiri ofanana ndingatenge imene mphunzitsi wake amavomera kuona zithunzi za odwala anu mukabwerera kwanu. Chifukwa chake n'chakuti galu sadandaula. Amadya bwinobwino ngakhale fupa la kunsonga kwa muzu likudyeka, ndipo kulephera kumaoneka pa chithunzi chokha, galu atagonetsedwanso pakapita miyezi ingapo. Pa kafukufuku wa 2002 wa mizu 127 ya agalu, 6 pa 100 ndi imene inalephera, koma ziwerengero zotere zimachokera m'manja mwa anthu ozolowera ntchitoyi, osati munthu wongochoka ku labu. Ngati chipatala chanu chilibe ekisire ya mano, kapena kuzula dzino la mizu itatu podula nkhama kumakuvutanibe, ndalama ya maphunziro a root canal iyambe yapita kumeneko.