Kevlar, aluminiyamu kapena pulasitiki: bwato loyenera ulendo wa m'nyanja zolumikizana

Anzanga amene akukonzekera ulendo wa masiku angapo ku Boundary Waters, dera la nyanja ndi nkhalango kumpoto kwa Minnesota ku America, akhala akundifunsa funso limodzimodzi: tibwereke bwato lanji? Kuyankha mmodzimmodzi kwanditopetsa, ndiye ndingoziika pamodzi pano. Za kutalika kwa bwato ndi kuchuluka kwa mipando akakuuzani komwe mukabwerekeko. Ine ndikamba zimene sanena.

Choyamba dziwani kuti pa ulendo wotere bwato silikhala m'madzi nthawi zonse. Dera limenelo lili ndi nyanja zoposa 1,000, ndipo kuti muchoke pa ina kupita pa inzake mumatsika, kutembenuza bwato, kulisenza paphewa n'kudutsa nalo m'nkhalango. Mapu a kumeneko amayeza tinjira timeneti m'ma rod, ndipo rod imodzi ndi mamita 5. Mukaona 160 pa mapu, amenewo ndi mamita 800 a miyala, mizu ndi matope. Matayala okokera bwato ngoletsedwa pafupifupi m'njira zonse. Katundu akachuluka moti simungathe kunyamula ulendo umodzi, mumapita, kubwerera chimanjamanja, n'kupitanso, ndiye mamita 800 aja asanduka makilomita 2.4. Apa m'pamene kulemera kwa bwato kumakhala nkhani.

La pulasitiki sinditaya nalo nthawi. Ndi lolimba, limatsetsereka bwino pamiyala, koma lambiri la anthu awiri limaposa makilogalamu 35. Malo ake ndi mumtsinje wa mathithi, osati paphewa. Akale ankakonda la mtundu wa pulasitiki wotchedwa Royalex, lomwe linali lopepukirako, koma analeka kupanga Royalex mu 2014. Kampani ya Esquif ya ku Quebec ku Canada inatulutsa T-Formex kuti ilowe m'malo mwake, ndipo ndi yabwino, kungoti pa nyanja zabata mukhala mukusenza kulimba kumene simukugwiritsa ntchito.

Mpikisano weniweni uli pakati pa aluminiyamu ndi Kevlar, ulusi wolimba koma wopepuka womwe amaumata ndi utomoni popanga bwato.

Bwato la aluminiyamu linatchuka ndi kampani ya Grumman, yomwe inkapanga ndege za nkhondo isanayambe mabwato mu 1945. Chodabwitsa n'chakuti panthawiyo ankalitama kuti ndi lopepuka, poyerekeza ndi mabwato a matabwa ndi chinsalu omwe ankamwa madzi n'kumalemera tsiku ndi tsiku. Lero la anthu awiri limalemera pafupifupi makilogalamu 34. Zoipa zake n'zodziwika. Limasokosa: nkhafi ikangogunda m'mbali, nyanja yonse yamva, ndipo mphalapala ya kumeneko yomwe mumafuna kuona yathawa kale. M'mawa limazizira mpaka m'mawondo, masana limawotcha. Likakwera pamwala silitsetsereka, limakakamira. Koma mutha kufika nalo pagombe la miyala kuli mafunde, kulikoka, kuligoneka pathanthwe, osadandaula chilichonse. Likagunda kwambiri limangopindika pang'ono n'kupitiriza ulendo.

La Kevlar ndi nkhani ina. Ulusi umenewu anautulukira Stephanie Kwolek ku DuPont mu 1965, ndipo bwato la anthu awiri lopangidwa nawo limalemera makilogalamu 18 mpaka 20 basi. Munthu mmodzi amalinyamula yekha, kuliika paphewa ali ndi chikwama kumsana, mnzake n'kutenga chikwama china ndi nkhafi, njira yonse ulendo umodzi. M'madzi limathamanga, silifuna mphamvu zambiri. Pa zimenezi palibe mkangano.

Vuto lake ndi miyala, ndipo apa m'pamene ndinapsa mtima. Kevlar sachedwa kukhuzika. Utomoni wa pamwamba ukaperesedwa ndi mwala, ulusi wachikasu umayamba kutuluka ngati ubweya, makamaka kumutu kwa bwato. N'chifukwa chake obwereketsa amafuna kuti muzitsikira m'madzi bwato lisanakhudze pansi, ndi kulongedza katundu likuyandama. Nsapato zimakhala zonyowa kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza. Ine ndi anzanga titabwereka la Kevlar, lamulo limeneli tinalitsatira, ngakhale pa malo ena pamene madzi ankafika m'chiuno ndipo miyala ya pansi inali yoterera.

Pobweza bwato, mnyamata wa pakampani ina yobwereketsa analitembenuza pa udzu, n'kuyendetsa chala kumutu kwake pang'onopang'ono, kenako anaitana abwana ake. Anatisonyeza malo okhuzika aatali ngati chikhatho, nati ndalama ya chikole sibwera yonse. Ena mwa malowo anali akale, utomoni utachita kuda ndi dothi, koma umboni tikanautenga kuti? Tsiku lonyamuka bwatolo tinalipeza atalimangirira kale pamwamba pa galimoto, palibe amene anatiyendetsa kuti tione mimba yake. Ndime yonena za kukhuzika inalipo ndithu papepala, m'zilembo zing'onozing'ono kuseri, koma pakauntala ankangokamba za kupepuka. Ndiye taganizani: Kevlar ndi wodula kale pa tsiku kuposa aluminiyamu, pamwamba pake n'kudzakudulaninso chikole chifukwa cha mabala a anthu ena. Chinandiwawa kwambiri si ndalamayo ayi, koma kuti ulendo wonse tinkalera bwato lija ngati khanda, mpaka kukangana pagombe pamene wina analisiya likugunda mwala akumanga nsapato.

Si onse obwereketsa amene amachita zimenezi. Ambiri amadziwa kuti kukandika pang'ono n'kosapeweka, amalipiritsa pokhapokha bwato litang'aluka kapena kubooka. Koma simungawadziwe ndi nkhope. Funsani musanasaine kuti kukandika kotani kumene amakuwerengera ngati kuwonongeka, ndipo litembenuzeni mujambule mimba yake yonse iwo akuona.

Pali tinthu tina tiwiri. Bwato lopepuka mphepo imasewera nalo: mukamanga tenti, litembenuzeni n'kulimangirira kumtengo, chifukwa mphepo ya usiku imatha kulinyamula n'kuliponya pamiyala, kapena kulikankhira m'nyanja inu muli pachilumba. Chachiwiri ndi goli, thabwa lapakati lija lomwe limakhala paphewa. Ngati lilibe timapilo tabwino, ngakhale makilogalamu 19 amakudyani mafupa a m'khosi. Ndaonapo anthu akulimbana pa za Kevlar kwa ola lathunthu osayang'ana n'komwe goli.

Nanga ndisankha liti? Mtima wanga uli ku aluminiyamu, sindibisa, ndipo chikole chija chikuthandizira. Ngati njira yanu ndi ya nyanja zikuluzikulu, zosenza zochepa ndi zazifupi, kapena muli ndi ana ndi anthu oyamba kumene omwe adzagunditsa bwato pagombe lililonse, tengani aluminiyamu mugone tulo. Malamulo a ku Boundary Waters amalola anthu 9 ndi mabwato 4 pa gulu limodzi, ndipo pa gulu lalikulu chotero simungayang'anire phazi la aliyense.

Koma ngati mapu anu adzaza ndi ma 200 ndi ma 300, kapena mukupita ku paki ya Algonquin ku Ontario, Canada, komwe njira ya pakati pa nyanja za Dickson ndi Bonfield imaposa makilomita 5, musandimvere. Kumeneko makilogalamu 15 osiyanawo mudzawamva pa sitepe iliyonse, ndipo ngakhale ine ndingatenge Kevlar, ndikung'ung'udza, kwa wobwereketsa amene wavomera kuligoneka pansi tiliyendere limodzi ndisanapereke chikole.