Snapper zitatu zofiira: iti yogula, iti yoisiya pomwepo

Dzina loti red snapper lisakupusitseni. Pa tebulo la wogulitsa zonse zimaoneka zofiira, koma nsomba zitatu izi za m'nyanja za Indian ndi Pacific si zimodzi ayi.

Ine mtima wanga uli pa Lutjanus argentimaculatus, imene ku Australia amati mangrove jack. Ikakhala yaing'ono imabisala m'mizu ya mitengo ya mangrove, pamathiriro a mitsinje, ndipo ikakula imasamukira kumiyala ya pansi pa nyanja. Mnofu wake ndi woyera, wogwirana, sunyenyeka ngakhale muiwotche pamakala. Ku Malaysia ndi Singapore amaiweta m'makola oyandama pamadzi, ndiye sisowasowa.

Lutjanus sebae, kapena kuti red emperor, pa kukoma ndiye akatundu. Vuto lake ndi mtengo, komanso chimutu chachikulu chimene mumalipira pa sikelo. Komabe mutuwo musataye, msuzi wake ndi wonyambita zala.

Yachitatu ndi imene ndikufuna timvetsetsane: Lutjanus bohar. Imafika masentimita 90, imatha kukhala ndi moyo zaka zoposa 50, ndipo chakudya chake chachikulu ndi nsomba zinzake za m'miyala. M'madera ena nsombazo zimakhala zitadya tizomera tating'onoting'ono ta Gambierdiscus, ndipo poizoni wa ciguatera amangounjikana m'thupi la bohar pang'onopang'ono. Sanunkha, samveka pa lilime. Kuphika, kukazinga, kuumitsa mufiriji, zonsezo n'kungotaya nthawi, sachoka. Wodya amayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba, milomo kuchita dzanzi, kenako chodabwitsa: akagwira madzi ozizira amamva ngati akumuwotcha. N'chifukwa chake ku Queensland, chigawo cha Australia, malamulo salola msodzi kuitenga, akaikola amaibwezera m'madzi. Si bohar iliyonse imene ili ndi poizoniyu, kwina amaidya bwinobwino, koma mudzaizindikira bwanji yoipayo?

Chovuta n'chakuti ikakula imafanana kwambiri ndi mangrove jack. Timadontho tiwiri toyera ta pamsana, timene imakhala nato ili yaing'ono, timafufutika. Ndiye inu yang'anani kumaso: bohar ili ndi kangalande kozama kochokera pamphuno kukafika kutsogolo kwa diso, zipsepse zake zimadera m'mphepete. Mangrove jack kangalande kotereka ilibe. Koma akaidula kale mutu n'kusenda khungu, palibenso chimene mungaone, ndiye ine yodulidwa kale sindigula. Ndimafuna yathunthu, yapakatikati, ndiyambe ndaiyang'ana pamphuno.