Paketi ya mbewu za maluwa akutchire: nyenyezi zitatu, koma wogulitsa aphunzire ntchito yake

Paketi ija ya 50 g, imene ndinagula pa K7,500, yokhala ndi chithunzi cha m'nthano ya ana chija cha agogo akumwaza mbewu m'dambo, yafika m'makomo ambiri muno mu Zomba. Ndaiyesa dzinja lonse pamalo a mamita 5 mbali zonse. Mlingo wake ndi wolondola, magalamu 2 pa sikweya mita imodzi. Chondikwiyitsa ndi malangizo a mnyamata wa pakauntala m'sitolo imene ndinaigulamo.

Aliyense wogula amamuuza kuti, "Thirani manyowa, fesani mvula ikangoyamba, mukwirire ngati nazale ya mpiru." Zonsezi n'zosokeretsa. Manyowa a m'khola amabwera ndi njere za bonongwe ndi chisoso, ndiponso amanenepetsa kapinga, moti pofika Januwale udzu umakhala utaphimba maluwa. Kukwirira ndiye kupha kumene njere zing'onozing'ono. Njere za poppy n'zazing'ono ngati za bonongwe, ndipo zikalowa pansi kwambiri sizituluka. Nanga nthawi yofesayo? M'paketimu asakaniza maluwa a kumalo otentha, cosmos ndi zinnia, pamodzi ndi a ku Ulaya, poppy ndi cornflower, amene amafuna kozizira. Chifundi ndi chinyontho cha mu Disembala kuno kumunsi kwa phiri la Zomba, kaya ku Matawale kaya ku Chinamwali, zimawoletsa tsinde la kambewu kakangomera, kenako kamagwa. Wogulitsa mbewu ayenera kudziwa zimenezi asanalandire ndalama ya munthu.

Nditabwerera kukadandaula, mnyamatayo sanadzutse ngakhale mutu pa foni. Anangoti, "Madala, nthaka yanu ndiye yavuta." Nthaka yavuta bwanji pamene njere zalephera pansalu? Ndinali nditaika njere 20 za mtundu uliwonse pansalu yonyowa, pamthunzi, kwa masiku 10. Za cosmos zinamera 17, za zinnia 15, za cornflower 4 zokha, za poppy osamera n'imodzi yomwe. Ndinamuonetsa, iye n'kuyankha kuti katundu akatuluka sabwezedwa. Taonani pamene amapachika mapaketiwo: pazenera, dzuwa la mu Okutobala likuwomba tsiku lonse. Pa paketipo palibe tsiku lopakira. Mbewu n'chinthu chamoyo, kutentha kumaipha ili m'pepala momwemo. Abwana a sitoloyi, chonde, chotsani mapaketi pazenera.

Komabe ndisaname, mu Malichi malo aja anasangalatsa. Cosmos anafika m'chiuno, wofiirira ndi woyera, zinnia ali pansi pake, njuchi ndi agulugufe kuyambira m'mamawa. Ana odutsa popita kusukulu ankaima pampanda. N'chifukwa chake sindikunena kuti musagule. Gulani, koma malangizo ake muwasiye pomwepo.

Sankhani malo a dzuwa, opanda chonde chambiri. Limani mosazamitsa, tolani mizu yonse ya kapinga ndi timbatata ta dawe, chifukwa kachidutswa kamodzi kotsala kamaphukanso. Mvula yoyamba ikagwa musafese. Dikirani masabata awiri kapena atatu kuti udzu umere, muupale pamwamba pokha ndi khasu, osatembenuza dothi, apo ayi mufukula njere zina za udzu. Khuthulirani paketi m'lichero, musankhe. Za cosmos n'zakuda, zazitali ngati timinga. Za zinnia n'zaphwatalala ngati nsonga ya muvi. Zimenezi ndiye za dzinja. Zotsalazo sungani m'botolo lotseka bwino mpaka Epulo kapena Meyi, mudzafese m'nyengo yozizira ndi kumathirira ndi kheni ya timabowo tating'ono.

Sakanizani gawo limodzi la mbewu ndi magawo anayi a mchenga wouma kuti muziona pamene mwamwaza. Theka mwazani chopingasa, theka chotsetsereka, kenako pondani ndi thabwa kuti njere zigwirane ndi dothi. Malo athu ambiri m'munsi mwa phirimu ndi otsetsereka, ndiye kumbani kangalande kumtunda kwake. Popanda iko mvula imodzi yamphamvu imakokolola mbewu zonse n'kukaziunjika pangodya. Nkhuku zitsekeredwe masabata atatu oyamba.

Popalira samalani, poti cosmos ndi chisoso n'zapachibale ndipo zikangomera zimasokoneza. Dikirani masamba enieni: a cosmos wofiirirayu ndi opyapyala ngati ulusi, a chisoso ndi otambalala, a manomano m'mphepete. Patulirani kuti mbewu zitalikirane masentimita 25 mpaka 30.

Maluwa akauma cha mu Juni, tchetchani ndi chikwakwa, musiye zinyalalazo masiku angapo kuti njere zigwere pansi, kenako muzichotse zisasanduke manyowa. Lambulaninso m'mphepete monse moto wa osaka mbewa usanayambe.