Miyezi 8 chisamukire ku Mchinji: lendi idatsika, msewu udatenga gawo lake

Papita miyezi 8 chichokere ku Area 25 kudzakhala pa boma la Mchinji, koma ntchito ndikugwirabe ku Lilongwe. Anzanga ankati sindimaliza miyezi iwiri. Ndidakali kuno, ngakhale masamu omwe ndidawerenga ndisanasamuke adandinamiza pang'ono.

Za nyumba ndilibe nazo dandaulo. Ya zipinda zitatu, ya magetsi, mpopi pakhomo, ndikulipira pafupifupi theka la zomwe ndinkapereka mtauni pa zipinda ziwiri. Kuseli kuli kadimba komwe mayi a kunyumba adzalamo mpiru ndi tomato. Chimanga, mtedza ndi soya timagula kwa alimi enieni nthawi yokolola, osati kwa mavenda omwe awonjezera kale mtengo kawiri. Ndidaganizirakonso za Kasungu, koma kumeneko ndi makilomita pafupifupi 130 pa M1, pomwe kuno ndi 110 pa M12, ndipo kwawo kwa mayi a kunyumba ndi kufupi ndi Kamwendo. Nkhani idathera pamenepo.

Pomwe ndidalakwitsa ndi pa ulendo. Ndinkangowerengera makilomita, osawerengera nthawi yodikira kuti minibasi idzaze. Kondakitala amati "watsala m'modzi, bwana", iwe n'kukhala mphindi 40 ukuyang'ana mipando itatu yopanda anthu. Ikanyamuka imaima pa Kamwendo, pa Namitete, pa Msundwe, kutsitsa matumba, kukweza nkhuku. Mukadutsa Chitedze n'kuyandikira Gateway Mall, mwakumana ndi mzere wa galimoto za mtauni. Ulendo woti pa galimoto yako ndi ola ndi theka umasanduka maola awiri ndi theka, nthawi zina atatu. Ma Sienta amadzaza msanga, koma mumapanikizana ngati usipa m'dengu, mtengonso n'kukwererapo.

Mwezi woyamba ndidayesa kupita tsiku lililonse, kudzuka 4 koloko m'bandakucha, kubwera ana atagona. Nditawonkhetsa za thiransipoti, zonse zomwe ndidapulumutsa pa lendi zidali zitathera m'manja mwa makondakitala. Mafuta akasowa ndiye zimaipiratu: mtengo umakwera m'mawa womwewo, ndipo sungatsutse chifukwa galimoto ndi zowerengeka. Tsopano ndimapita Lolemba n'kugona kwa mlamu wanga ku Likuni, kubwerako Lachiwiri madzulo, kenako n'kupitanso Lachisanu. Masiku enawo ndimagwirira pa kompyuta kunyumba. Netiweki pa boma imagwira bwino, magetsi akazima ndimadalira kasola kakang'ono.

M'boma momwemo mayendedwe ndi osavuta. Kumsika, kuchipatala, kubanki, kabaza wa njinga yakapalasa amakufikitsa, kwina n'kungoyenda wapansi. Nthawi ya dzinja njira zolowera m'makomo zimachita matope, ndiye funsani anthu a pamalopo musanalipire lendi. Ine sindidafunse, ndipo Januwale yense nsapato za ku ofesi ndinkazinyamula m'jumbo.

Chomwe sindidachiyembekeze ndi Chipata. Malire a Mwami ali makilomita 12 okha kuchokera pa boma, ndiye zinthu zina zikasowa kuno, kuwoloka kupita ku Zambia kumakhala kufupi kuposa ku Lilongwe, kungoti kwacha yathu ikasinthidwa imachepa mphamvu.

Wofunika kufika pa ofesi 7:30 tsiku lililonse ndingamuuze kuti afune nyumba cha ku Njewa kapena Mpingu, asafike kuno. Ine landilodi wandifunsa ngati ndikhalebe chaka chamawa, ndipo ndavomera.