Ulendo wa boti kuchokera ku Chembe kupita ku Thumbi: zofunika kudziwa wojambula zithunzi

Pagombe la Chembe, ku Cape Maclear m'boma la Mangochi, simusowa wokutengani pa boti. Ulendo umene amagulitsa kwambiri ndi wopita ku chilumba cha Thumbi West, chimene chili m'kati mwa Lake Malawi National Park. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo mu 1984 UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Ulendowu ndalama zake sizipita pachabe, koma munthu wa kamera ayenera kulankhula asanakwere, chifukwa anyamata a boti anazolowera alendo ongofuna kusambira.

Kambiranani mtengo muli pamtunda. Funsani ngati ndalama yolowera mu paki ili momwemo, ngati akupatsani magalasi osambirira, komanso maola angati. Majekete oyandamitsa muwaone ndi maso, aliyense yake. Akati "ali m'botimo, bwana", kayang'aneni.

Nyamukani cha m'ma 6 koloko m'mawa. Kuyambira mwezi wa May mpaka August mphepo ya mwera imakonda kukula dzuwa likakwera, boti limayamba kudumphadumpha ndipo madzi amathovukira pa lenzi. September ndi October nyanja imakhala bata, madzi oyera, koma utsi wa moto wa m'tchire umaphimba mapiri, moti zithunzi za patali zimatuluka zotuwa.

Chokoma kwenikweni ndi nkhwazi. Woyendetsa boti amazimitsa injini, kuimba mluzu, kenako n'kuponya nsomba pamadzi. Nkhwazi imachoka pamtengo, kutsika moyandama, miyendo kutsogolo, ndipo kugwira nsombayo sikutha ngakhale sekondi imodzi. Ambiri amabwerako ndi chithunzi cha madzi okhaokha. Ikani liwiro la shutter (kachitseko ka kamera kolowetsa kuwala) pa 1/2000 ya sekondi kapena mwachangu kuposa apo, kamera ijambule motsatizana, ndipo lenzi ya 300mm ndi yokwana. Vuto limakhala pa woponya: akangoisiya pafupi ndi boti, mbalame siikwana m'chithunzi, ndipo akaiponya kumene kuli dzuwa mumapeza chithunzithunzi chakuda. Muuzeni aponye mamita 15 kapena 20, dzuwa lili kumsana kwanu, ndipo adikire mpaka munene kuti mwakonzeka. Nsomba zikhale zingapo, koma musachedwe nazo: nkhwazi ikakhuta, mluzu siiumvanso.

Mbuna ndiye zosavuta. Tinsomba tabuluu ndi tachikasu timeneti timadzaza m'miyala, pamadzi ofika m'chiuno. Foni ya m'kathumba kosalowa madzi imakwanira, bola kathumbako mukayese kaye kunyumba poikamo kapepala n'kukamiza mu ndowa. Jambulani dzuwa litakwera, kuwala kukuloweratu pansi. Anyamata ena amamwaza buledi kuti nsomba zisonkhane. Mukaneni, nyenyeswa zimadetsa madzi ndipo mbuna zili ndi chakudya chake, ndere za pamiyala. Khalani duu mphindi ziwiri, zibwera zokha.

Amene akufuna mchenga wautali akhumudwa, poti Thumbi ndi chilumba cha miyala ndi mitengo. Miyalayo imaterera, valani nsapato zogwira. Wofuna gombe la zii, lopanda mudzi, aganizire za chilumba cha Mumbo, pafupifupi makilomita 10 kuchokera ku Chembe, koma kumeneko kuli kampu ya alendo ndipo muyenera kukonzeratu za malo.

Nsima ndi nsomba yootcha imene ena amakonza paulendowu ndi yabwino, ngakhale imadya nthawi. Madzi akumwa tengani anu.

Boti likamabwerera, pemphani lidzere ku Otter Point. Akatumbu saoneka kawirikawiri, koma ang'anzi amaothera dzuwa pamiyala. Mukafika pagombe la mudzi, amayi amakhala akuchapa, ana akusamba; musaloze kamera musanapemphe. Madzi a pamenepo ali ndi likodzo, choncho ngati munalowamo kayezetseni kuchipatala pakatha miyezi iwiri.