TP-Link CPE510: nambala ya siginolo yake ndi yodalirika

Ndinagula zipangizo ziwiri za TP-Link CPE510, zoika panja zotumizirana intaneti popanda waya, kuti intaneti ya kushopu izifika kunyumba. Mtunda wake ndi pafupifupi kilomita imodzi, ndipo pakati pali dambo ndi mitengo ya mango. Zagwira ntchito m'chilimwe chotentha, zadutsanso m'dzinja, ndiye ndili ndi zoti ndinene.

Chomwe ndinkafunitsitsa kudziwa n'chakuti kodi nambala ya mphamvu ya siginolo yomwe chimaonetsa ndi yoona. Kale ndinali ndi kachipangizo kopanda dzina lodziwika kogula pamsika, kamene kankadzaza timizere tonse pomwe uthenga wa WhatsApp ukungozungulira osapita. CPE510 si choncho. Mukalowa pa tsamba lake la PharOS, pulogalamu yoyendetsera chipangizochi, kudzera pa 192.168.0.254, mumapeza Signal Strength, Noise Strength (mphamvu ya zosokoneza siginolo), SNR (mmene siginolo ikuposera zosokonezazo) ndi Transmit CCQ, zonse m'manambala.

Nambala ya siginolo imakhala mu dBm ndipo ili ndi minus kutsogolo, choncho -60 ndi yamphamvu kuposa -75. Ikatsika ndi 3 yokha, mphamvu yachepa ndi theka. Ndinayamba ndawerengera papepala. Pa 5GHz, kilomita imodzi imadya pafupifupi 107 dB, antena ya mbali iliyonse imawonjezera 13 dBi, ndipo mphamvu yotumizira ndinaiika pa 20 dBm. Masamuwo anandipatsa -61. Titalozetsa bwino, chipangizocho chinkasewera pakati pa -62 ndi -64. Apa m'pamene ndinachikhulupirira, chifukwa chinanena zofanana ndi masamu, osawonjezera kuti chindisangalatse.

Chili ndi timagetsi tinayi toonetsa siginolo, koma tingokuthandizani kudziwa kuti mwaloza mbali yoyenera basi. Kulozetsa kwenikweni kumafuna Antenna Alignment, yomwe ili pansi pa Tools. Mnyamata wondithandiza anali padenga, dzanja limodzi pa paipi, lina likupotoza chipangizocho pang'onopang'ono, ine ndili pansi ndi laputopu ndikumuuza manambala mokweza. Akangopotoza pang'ono kumanja, -66 imasanduka -63 nthawi yomweyo. Akapitiriza, imabwerera. Timagetsi tija sitinasinthe n'komwe panthawi yonseyi.

Ambiri anandiopseza kuti mvula ikagwa netiweki idzathawa. Zoona zake n'zakuti pa 5GHz komanso pa mtunda waufupi ngati uwu, mvula yokha sichotsa mphamvu yambiri. Vuto ndi masamba onyowa. Siginolo siyenda ngati ulusi wowongoka, imafuna malo otakasuka mozungulira njira yake, amene amatchedwa Fresnel zone, ndipo pakati pa kilomita imodzi malowa amaposa mamita 3 mbali iliyonse. Mango aja atakula nthambi, nsonga zake zinalowa m'malo amenewa, ngakhale kuti ndi maso tinkaonabe denga la kushopu. Kukagwa mvula nambala inkatsika kufika cha m'ma -70, kukauma n'kubwerera. Chipangizocho chinatiuza chilungamo, ndipo titakweza paipi ndi kudulira nthambi, vutolo linatha.

Komabe musamangoyang'ana Signal Strength yokha. Nthawi ina siginolo inali bwinobwino koma intaneti ikudukaduka. Transmit CCQ, yomwe imaonetsa mmene zotumizidwa zikufikira popanda kubwerezabwereza, inali itatsika kwambiri. Spectrum Analysis inaonetsa kuti pali chipangizo china chapafupi pa tchanelo chomwecho. Ndinasintha tchanelo, n'kuika Channel Width pa 20MHz, zinthu zinakhazikika. Zimenezi timizere ta pafoni sitingakuuzeni.

Pa bokosi pamalembedwa 300Mbps, koma dziwani kuti polowetsa waya wake ndi pa 10/100Mbps, choncho simungadutse 100Mbps. Kwa ife n'zokwanira, popeza intaneti yomwe timalipira sifika pamenepo. Dziwaninso kuti antena yake imaloza mbali imodzi, ndiye sichinapangidwe kuti chizigawa Wi-Fi pabwalo ponse. Kunyumba mudzafunikabe rauta yoti mafoni azilumikizapo.

Magetsi chimatengera pa waya wa netiweki womwewo kudzera pa adaputa ya PoE ya 24V, ndipo wayayo asapitirire mamita 60. Chimadya magetsi ochepa, moti pa inveta ndi batire ya sola chimakhala nthawi yaitali magetsi akathima. Akabwera chimalumikizana chokha, osafuna munthu kukwera padenga. Ku ziphaliwali musachite mphwayi. Opanga amati chili ndi chitetezo cha 6kV, koma chitetezocho chimadalira kuti mwaika waya wolowa m'nthaka komanso waya wa netiweki wokutidwa bwino wa panja. Paipi nayo ikhale yolimba, chifukwa ikamagwedezeka ndi mphepo nambala imavina nayo limodzi.

Ndachipatsa nyenyezi 4 mwa 5, imodziyo ndachotsa chifukwa cha malire a 100Mbps aja. Kwa sukulu, loji kapena shopu yofuna kulumikiza nyumba ziwiri zoonana, n'choyenera ndalama zake. Ngati pakati pali phiri kapena nkhalango ya bulugamu, yambani mwapeza malo okwera oti muikepo paipi musanagule.