Yisiti ya m'timajumbo ija musagule musanaiyese

Golosale ina pa boma pano ikugulitsa yisiti yakufa, ndipo sindikhulupirira kuti eni ake sakudziwa. Amatsegula paketi yaikulu ya magalamu 500, n'kumatapa ndi supuni kuthira m'timajumbo, kumanga mfundo, kenako kukoleka pazenera pomwe dzuwa limawomba masana onse. Ndi kutentha kwa Mangochi kwa mu Okutobala kuno, yisiti yotsegula ingapirire bwanji? Zimene zimaipha ndi zomwezo: mpweya, chinyezi ndi kutentha.

Ndinakanda makilogalamu 2 a fulawa ya mandasi ndi timajumbo tiwiri. Kuno ufa wokanda umafufuma ola lisanathe, koma uwu unangoti phee mpaka masana. Mandasi anatuluka olimba gwa, atamwa mafuta mpoto yonse, pomwe mtengo wa fulawa ndi mafuta mukuudziwa nokha.

Chomwe chandipsetsa mtima ndi yankho la mnyamata wa pakauntala. Osayang'ana n'komwe kajumboko, akuti, "Mayi, madzi anu ndiye anali otentha." Zoona, madzi owotcha chala amapha yisiti, ndipo akafika madigiri 60 sipatsala yamoyo. Koma izi siziyenera kukhala zokangana, zimayesedwa. Theka la kapu ya madzi ofunda, oti chala chikhalemo osamva kuwotcha, supuni yaing'ono ya shuga, ina ya yisiti, kutakasa, kudikira mphindi 10. Yamoyo imachita thovu lokwera ndi fungo ngati la mowa. Tinayesa pakauntala pomwepo, makasitomala akuonerera, timbewu take tinangomira pansi, madzi ali mbuu, thovu ngakhale pang'ono ayi. Iye n'kumalozabe chikwangwani choti katundu wogulidwa sabwezedwa. Mawu oti pepani sanatuluke.

Komabe ndisaname, paketi yosatsegula ya m'golosale yomweyo ndi yabwino. Ikhale yolimba ngati njerwa mukaifinya. Ikakhala yofewa ndiye kuti mpweya unalowa, isiyeni. Onaninso deti kumbuyo. Magalamu 10, pafupifupi supuni zazing'ono zitatu, amakwana kilogalamu imodzi ya fulawa, ndipo kuwonjezera kumangobweretsa fungo lowawasa. Mchere musauthire pamwamba pa yisiti, usakanizeni ndi fulawa kaye.

Mukatsegula, tsanulirani m'botolo louma la chivindikiro chothina, muike m'firiji, potapa supuni ikhale youma. Opanda firiji, kapena amene magetsi amawavuta, ndi bwino kugula timapaketi tomata ta magalamu 10, kamodzi kotsegula tsiku lophika, kapena kugawana paketi yaikulu ndi anzanu a geni kuti ithe msanga.

Ofuna yisiti yaiwisi, yonga sopo wofewa ija, kuno siipezekapezeka, ndipo siichedwa kuwonongeka: milungu iwiri m'firiji, basi. Imalowa katatu kuposa youma, magalamu 30 pa kilogalamu. Yabwino imanyenyeka mukaitsina. Ikada m'mbali kapena kuyamba kutereratu, tayani.

Paketi yomata ndidzagulabe pamenepo chifukwa ndi pafupi ndipo mtengo ndi wabwinoko. Koma achimwene a pakauntala, chotsani timajumbo tija pazenera, mukuwonongetsa anthu mpamba.